Kompyuta Ikavuta Kuno ku Joni, Musathamangire Kufomata

Pakati pa Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg pali chizolowezi chimodzi chimene sindigwirizana nacho. Kompyuta ikasiya kutulutsa mawu, sikirini ikada, kapena intaneti ikakana kulumikizika, malangizo oyamba amene munthu amalandira kwa anzake, ngakhalenso kwa ena okonza makompyuta m'timashopu ta m'tauni, ndi akuti makinawo afomatidwe. Kufomata kumafufuta zonse kuti Windows iikidwenso mwatsopano, ndipo zithunzi za ana, makalata ofunsira ntchito ndiponso makope a pasipoti ndi ziphaso zimene munthu anasunga kwa zaka zambiri zimapitira limodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri vutolo limakhalapobe ndalama zitalipidwa kale, chifukwa silinali mu Windows n'komwe, koma mu waya wogwedera, mu batani limene mwana anadina posewera, kapena mu kabokosi ka intaneti kamene kali m'nyumba ya landilodi.

Kumapeto kwa sabata abale a ku Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair amakonda kundibweretsera makina awo, ndipo ambiri mwa makinawa ndi oti anagwirapo kale ntchito kwina: malaputopu ogulidwa kwa ogulitsa zakale, ndi makompyuta a padesiki amene makampani anagulitsa atapeza atsopano. Njira imene ndimatsatira aliyense wa ife amaidziwa kale pa nkhani ya madzi. Mpopi ukauma palibe amene amayamba ndi kugumula khoma kuti aone mapaipi. Timayamba tafunsa kwa aneba ngati kwawo madzi akutuluka, kenako timakaona ngati wina sanatseke pamita, ndipo pulambala timamuitana zimenezi zikalephera. Mawu, chithunzi ndi intaneti nazonso zimadutsa m'magawo angapo zisanafike kwa ife, choncho ntchito yagona pa kupeza gawo limene zikuthera. Munthu asinthe chinthu chimodzi, ayese, ndipo pokhapokha ataona zotsatira zake asinthe china, chifukwa wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza ngakhale makina atayambanso kugwira ntchito.

Poyambira penipeni ndi pa magetsi. Malawi ndi South Africa onse amagwiritsa ntchito magetsi a mphamvu ya 230 V, kotero kompyuta ya kuno imagwira ntchito kwathu popanda chovuta, koma masoketi ndiwo amasiyana. Kwathu pulagi imakhala ndi mano atatu amakonamakona ngati ya ku Britain, pamene yofala kuno ndi ya mano atatu aakulu obulungira, ndipo kusiyana kumeneku kwadzaza nyumba zathu ndi maadaputa otchipa amene amagwedera pakhoma. Adaputa yogwedera imachititsa kuti laputopu izingosinthasintha pakati pa tchaja ndi batire, ndipo mwini wake amaona sikirini ikuwala kenako n'kuzilala, n'kumaganiza kuti yawonongeka. Kuzima kwa magetsi kwa ndondomeko kumene Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, inayamba mu 2007, n'kufika poipitsitsa mu 2023, kwachepa kwambiri kuyambira mu 2024, koma m'madera ambiri magetsi amathimabe chifukwa cha kuba kwa nthambo ndi kulemedwa kwa matilansifoma. Nthawi yoopsa kwa makina ndi imene magetsi akuyakanso, choncho ndi bwino kuzula pulagi akangothima. Chinanso ndi mphenzi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi mvula ya mabingu imabwera kawirikawiri masana. Kuzimitsa kompyuta pa batani sikuiteteza ku mphenzi. Iyenera kuzulidwa pakhoma, pamodzi ndi waya umene umailumikiza ku rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba.

Pali chinthu china chaching'ono chimene anthu ambiri sachidziwa. Mu Windows 10 ndi Windows 11, kusankha Shut down sikutsuka zonse, chifukwa pali dongosolo lotchedwa Fast Startup limene limasunga mbali ina ya zimene zinali kuchitika kuti makina adzayake msanga. Ngati dalaiva wa mawu kapena wa Wi-Fi, kutanthauza kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kuyendetsa chipangizocho, anakakamira, amatha kudzuka ali chikakamirire. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano, ndipo munthu amene akunena kuti anazimitsa kale kompyuta n'kuiyatsanso ndimamupempha kuti ayesebe Restart ndisanagwire china chilichonse.

Pa mavuto atatu aja a mawu, sikirini ndi intaneti, la mawu ndi limene kawirikawiri limakhala lapafupi. Voliyumu imachepetsedwa m'malo ambiri: pa sipika penipenipo, pa mabatani a pamwamba pa kiyibodi amene amadinidwa limodzi ndi Fn, pa kachizindikiro ka sipika kamene kali pafupi ndi wotchi, mu Volume mixer momwe pulogalamu iliyonse ili ndi muyezo wakewake, ndiponso mu bulawuza momwe tsamba limodzi likhoza kutsekedwa mawu ena onse akumveka. Koma chimene chimasokoneza anthu kwambiri si voliyumu, ndi kumene mawuwo akutumizidwa. Waya wa HDMI umanyamula chithunzi ndi mawu omwe, kotero mukalumikiza monita, Windows imatha kuyamba kutumiza mawu kumeneko ngakhale monitayo ilibe masipika. Bluetooth nayo imachita chimodzimodzi.

Mayi ena a kumpingo kwathu anandiitana chifukwa laputopu imene amaphunzirira nyimbo za kwaya inali itangoti zii, ndipo wina anali atawauza kale kuti masipika apsa. Nditadina pa kachizindikiro ka sipika, kamzere kobiriwira kosonyeza mawu kanali kuvinavina mu Volume mixer monga mwa nthawi zonse, kusonyeza kuti nyimbo ikuimba ndithu, koma dzina la chipangizo cholandira mawu silinali la masipika a laputopuyo. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi m'nyumba muno muli sipika ya Bluetooth?" Iwo anati, "Ilipo ya mnyamata wanga, achimwene, koma ili kuchipinda pa tchaja." Titatsegula chitseko cha chipindacho, kwaya inali kuimba chapansipansi pansi pa mulu wa zovala.

Ngati chipangizo chosankhidwa ndi cholondola koma mawu palibebe, mahedifoni ndiwo amalekanitsa nkhani. Akamveka m'mahedifoni koma osamveka m'masipika, ndiye kuti Windows ilibe mlandu, vuto lili m'masipikamo kapena m'kawaya kake. Akapanda kumveka konse konse, m'pamene timatsegula Device Manager podina batani la Windows ndi la X pa kiyibodi n'kuisankha pa mndandanda, n'kuyang'ana ngati pa dalaiva wa mawu, amene pa makina ambiri ndi wa Realtek, pali kachizindikiro kachikasu ka makona atatu. Vuto likakhala kuti linayamba Windows itangodzikonza yokha, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa dalaiva wakale. Likapanda kupezeka, munthu angathe kuchotsa dalaivayo n'kuchita Restart, Windows idzamuikanso yokha. Madalaiva atsopano atengedwe pa tsamba la kampani imene inapanga makinawo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, osati ku mapulogalamu aja amene amalonjeza kukonza madalaiva onse nthawi imodzi, chifukwa ambiri mwa iwo amabweretsa zotsatsa malonda ndi mavuto ena amene panalibe.

Pa kompyuta ya padesiki, bowo lobiriwira ndi la masipika, lapinki ndi la maikolofoni, ndipo labuluu ndi lolowetsera mawu ochokera ku chipangizo china. Kuseri kwa desiki kumene kuli mdima n'kosavuta kusokoneza mabowowa. Mahedifoni a foni ali ndi pulagi imodzi yonyamula mawu ndi maikolofoni pamodzi, motero pa kompyuta ya mabowo awiri pamafunika kawaya kogawa, apo ayi maikolofoniyo sigwira ntchito. Amene akukonzekera kufunsidwa mafunso a ntchito pa Zoom kapena Teams aonenso mu Settings, pa gawo la Privacy, kuti mapulogalamu aloledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni, komanso kuti pulogalamuyo payokha yasankha maikolofoni yoyenera. Kulira kwa ng'ung'ung'u kumene kumamveka m'masipika laputopu ikakhala pa tchaja, n'kuleka mukaizula, kumachokera ku tchaja yosakhala bwino kapena ku soketi yopanda waya wa ethi. Ndipo mawu akamadukaduka pokhapokha mukulankhula ndi abale a ku Mangochi kapena ku Mzimba pa WhatsApp, pamene nyimbo za m'kompyutamo zikumveka bwinobwino, masipika asiyeni, vuto ndi netiweki ya mbali imodzi mwa ziwirizo.

Sikirini yakuda ndi imene imaopsa anthu kuposa zonse, ndipo n'zomveka, chifukwa palibe poonera chimene chikuchitika. Funso loyamba ndi lakuti kompyutayo yayaka kapena ayi. Timagetsi take tikuwala? Fani ikumveka? Mukadina Caps Lock, kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima? Ngati kakutero, makina ali moyo ndipo chithunzi chokha ndicho sichikufika. Monita imene ikulemba kuti No signal nayonso ndi yamoyo, ikungodandaula kuti sikulandira kanthu, ndipo kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti yaikidwa pa VGA pamene waya uli pa HDMI, kapena waya walowetsedwa pa bowo la mothabodi, bolodi lalikulu la mkati mwa makina, pamene kompyutayo ili ndi khadi ya zithunzi yapadera m'munsi mwake. Waya wa VGA, wabuluu uja wa timano 15, ukapindika dzino limodzi chithunzi chonse chimasanduka chapinki kapena chachikasu, ndipo mankhwala ake ndi waya wina basi. Kudina Windows ndi P kumasonyeza ngati chithunzi chikutumizidwa ku sikirini yachiwiri imene kulibe, zimene zimachitika pa malaputopu amene analumikizidwapo ku pulojekita ya kutchalitchi kapena ku ofesi. Kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi kumadzutsanso dalaiva wa zithunzi. Makina amalira kamodzi, sikirini n'kuphethira, ndipo nthawi zina chithunzi chimabwerera pompo.

Kuyesa kumene ndimakukonda kwambiri ndi kwa tochi. Sikirini ya laputopu ili ndi zigawo ziwiri, china chojambula chithunzi ndi china chounikira kumbuyo kwake, ndipo chounikiracho chikafa chithunzi chimakhalapobe koma m'mdima. Mnyamata wina wogwira ntchito ya ulonda anabwera ndi laputopu imene anauzidwa kuti yatheratu ndipo angoigulitsa ngati zipangizo. Tinatseka makatani, tinaiyatsa, ndipo ndinaunika tochi ya foni chapambali, pafupi kwambiri ndi galasi. Pakona ya kumanzere panaoneka wotchi ya Windows, yozilala ngati yolembedwa ndi pensulo, ikuwerenga nthawi yolondola. Iye anawerama n'kufunsa kuti, "Akulu, ndiye kuti zithunzi za mwana wanga zikadalimo?" Zinalimo zonse, ndipo titailumikiza ku TV ndi waya wa HDMI anazikopera pa fulashi tsiku lomwelo.

Kulumikiza ku TV kapena ku monita ina kumayankha mafunso ambiri mwachangu. Chithunzi chikaoneka bwino kumeneko, ndiye kuti mkati mwa kompyuta muli bwino, ndipo chovuta ndi galasi la laputopu kapena kawaya kopyapyala kamene kamadutsa pa hinjesi. Mizere imene imasintha kapena kuchoka mukamatsegula ndi kutseka chivindikiro pang'onopang'ono imaloza ku kawaya kameneka, kamene mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi galasi lonse, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi musanalankhule ndi wokonza. Njira ina ndi kujambula sikirini ndi batani la Print Screen n'kudzitumizira chithunzicho pa foni: mizere ikapanda kuoneka pa foni, ndiye kuti ili pa galasi kapena pa waya. Banga lakuda looneka ngati inki yotayika limatanthauza kuti galasi linasweka mkati, mwina chifukwa chopanikizika m'chikwama m'takisi yodzaza, ndipo palibe pulogalamu kapena kufomata kumene kungalichotse.

Sikirini yophethiraphethira imayesedwa ndi Task Manager, imene imatseguka podina Ctrl, Shift ndi Esc. Ikamaphethira limodzi ndi zina zonse, wokayikitsa ndi dalaiva wa zithunzi. Ikakhala chilili pamene zina zikuphethira, ndiye kuti pali pulogalamu ina imene ikusokoneza, makamaka imene yaikidwa posachedwa. Zilembo zooneka mbuu kapena zithunzi zotambasuka zimabwera pamene muyezo wa sikirini si umene inapangidwira, monga 1366 x 768 pa malaputopu ambiri akale kapena 1920 x 1080 pa atsopano, ndipo Windows imalemba Recommended pambali pa muyezo woyenera. Sikirini ikamaoneka yofiirira madzulo okhaokha, ndi Night light chabe. Zikavuta kwambiri, kugwira Shift pamene mukudina Restart kumatsegula njira yopita ku Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi madalaiva ochepa, ndipo vuto limene likusowa mu Safe Mode ndi la mapulogalamu, osati la zitsulo.

Kompyuta ya padesiki imene yangosamutsidwa kumene pa galimoto, n'kumayatsa fani koma osaonetsa kalikonse, mwinanso n'kumalira motsatizana, nthawi zambiri imakhala kuti RAM yake, kabolodi kotalika kamene kompyuta imasungapo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, yasuntha. Kuizula pakhoma, kutsegula chitseko cha m'mbali, kuchotsa RAM n'kuibwezeretsa mpaka timapanilo take titalira kuti khethe, kumathetsa vutoli. Musanagwire mkatimo khudzani kaye chitsulo cha bokosilo, chifukwa nyengo yozizira ya kuno ndi youma kwambiri ndipo thupi limasunga magetsi aja amene amatithetheka tikagwira chitseko cha galimoto. Kabokosi kamene kamalandira magetsi ochokera pakhoma musakatsegule, chifukwa kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale kali kozula. Fumbi la m'nyengo ya mphepo nalo limatseka mipata yopumira, ndipo laputopu imene imaikidwa pa bulangete m'miyezi ya Juni ndi Julayi imatentha mpaka kudzizimitsa yokha pakati pa filimu.

Pa intaneti ndi pamene kufomata kumandikwiyitsa kwambiri, chifukwa njira yake yambiri ili kunja kwa kompyuta. Choyamba ndi kutenga foni, kuzimitsa data yake, n'kuilumikiza ku Wi-Fi yomweyo. Foni nayo ikalephera, kompyuta isiyeni mupite kumene kuli rauta. M'nyumba za faiba mumakhala timabokosi tiwiri, rauta ndi kena kotchedwa ONT kamene kamalandira ulusi wa galasi wochokera mumsewu. Pa ONT pali timagetsi tolembedwa Power, PON, LOS ndi LAN, ndipo LOS ikayaka kapena kuphethira mofiira, kuwala sikukufika: ulusi waduka kapena wapindidwa kwambiri penapake, mwina kuseri kwa kabati, mwina kumene anthu akukumba mumsewu. Pamenepo palibe chimene mungachite pa kiyibodi. Kuno kampani ya mwini waya, monga Vumatel, Openserve kapena Frogfoot, nthawi zambiri imakhala yosiyana ndi imene mumailipira mwezi ndi mwezi, monga Afrihost kapena Webafrica, ndipo dandaulo limapita kwa amene mumamulipirayo, iye n'kulipereka kwa mwini waya. Timagetsi tonse tikakhala bwino, zulani timabokosi tonse tiwiri kwa theka la mphindi, muyatse ONT poyamba, ndipo rauta ibwere pambuyo PON itakhazikika. Kabatani kakang'ono ka Reset kamene kamadinidwa ndi singano musakakhudze, chifukwa kamafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi zonse zimene kampani inaikamo.

Foni ikalumikizika bwino koma kompyuta n'kumakana, m'pamene timabwerera pa desiki. Onani kuti Airplane mode ndi yozima, ndiponso kuti kaswitchi ka Wi-Fi kamene malaputopu ena akale ali nako m'mbali sikanakankhidwe. Ngati landilodi anasintha pasiwedi, kompyuta imapitiriza kuyesa yakale mpaka mutaiuza kuti iiwale netiwekiyo, posankha Forget, n'kulemba yatsopano. Kenako tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe ipconfig kuti muone adiresi ya manambala ya kompyuta yanu pa netiweki. Adiresi yoyamba ndi 192.168 kapena 10 imasonyeza kuti rauta yakulandirani, koma yoyamba ndi 169.254 ndi imene Windows imadzipatsa yokha ikapanda kuyankhidwa, kutanthauza kuti kulankhulana pakati pa kompyuta ndi rauta kwalephereka. Adiresi ikakhala yabwino, lembani ping 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google. Mayankho akamabwera koma masamba osatseguka, intaneti ilipo ndipo chimene chafooka ndi DNS, dongosolo limene limasandutsa mayina a masamba kukhala manambala. Kulemba ipconfig /flushdns, kapena kusintha DNS kukhala 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, kumathandiza. Network reset imene ili mu Settings ndi chida chomalizira, ndipo ngakhale imaiwalitsa mapasiwedi a Wi-Fi, siikhudza mafayilo anu.

Pali vuto lina limene limapezeka kwambiri pa makina akale ndipo limaoneka ngati la intaneti pamene si la intaneti. Bulawuza imakana pafupifupi tsamba lililonse, n'kumachenjeza kuti kulumikizana si kotetezeka. Yang'anani deti pakona ya sikirini. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kobulungira ngati khobidi, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima, ndipo kakatha wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Masamba otetezeka ali ndi ziphaso zimene zimagwira ntchito pakati pa madeti awiri, kotero kompyuta imene ikuganiza kuti tili m'chaka china imazikana. Kukonza deti kumatsegula masambawo nthawi yomweyo, ndipo kabatire katsopano kamapezeka m'masitolo wamba. Nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi yofanana, choncho chigawo cholembedwa Harare, Pretoria mu Windows chimakwanira mayiko onse awiri.

Kuchedwa kwa intaneti ndi nkhani ina, ndipo ambiri a ife amene timachita lendi zipinda za kuseri kwa nyumba kapena m'mafulati timaidziwa bwino. Wi-Fi imayenda pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Yoyambayo imafika patali ndipo imadutsa makoma bwinoko, koma ndi yochedwa ndipo m'mafulati a ku Hillbrow kapena ku Yeoville imapanikizana ndi marauta ambirimbiri a oyandikana nawo, kuphatikizapo mamaikulowevu amene amasokoneza dera lomwelo. Yachiwiriyo ndi yothamanga koma imafooka msanga pa khoma la njerwa kapena la konkire, ndipo malaputopu ena akale saiona n'komwe. Malata ndiwo amatchinga kwambiri. Munthu amene chipinda chake chili kuseri kwa makoma atatu sangathandizidwe ndi pulogalamu iliyonse; chomuthandiza ndi kugwirizana ndi landilodi kuti rauta ikwezedwe pamalo oonekera, kapena kukoka waya wa netiweki mpaka kuchipindako. Tisaiwalenso masamu ake. Liwiro limene makampani amagulitsa limawerengedwa mu Mbps, pamene bulawuza potsitsa fayilo imaonetsa MB pa sekondi, ndipo nambala yoyambayo iyenera kugawidwa ndi 8. Laini ya 20 Mbps imatsitsa pafupifupi 2.5 MB pa sekondi ikakhala ya munthu mmodzi, ndipo ikagawidwa pakati pa mabanja onse a pa yadi madzulo aliyense akuonera mavidiyo, zotsalira aliyense ndi zochepa.

Amene amalumikiza kompyuta ku hotisipoti ya foni ali ndi misampha yawoyawo. Bandulo ya WhatsApp yokha kapena data ya usiku imachititsa kuti kompyuta ioneke yolumikizika koma masamba osatseguka masana. Windows nayo ikaona Wi-Fi imaganiza kuti ndi yopanda malire n'kuyamba kutsitsa zodzikonzera zake zikuluzikulu, bandulo ya sabata n'kutha m'mawa umodzi. Kuyatsa Metered connection pa netiweki imeneyo kumachepetsa zimenezi. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali m'dera lonse, nsanja za mafoni zimadalira mabatire, ndipo akatha kapena akabedwa netiweki imafooka kwa aliyense, kaya ali pa Vodacom, MTN, Telkom, Cell C kapena Rain. Faiba kawirikawiri imagwirabe ntchito magetsi atathima, bola ONT ndi rauta zikhale pa ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima, kamene ndimakaona kuti n'kaphindu kuposa zida zambiri zimene anthu amagula.

Nthawi zinanso vuto limakhala kutali kwambiri ndi Gauteng, chigawo chimene muli mzinda uno. Pa 14 Malichi 2024 nthambo zingapo za pansi pa nyanja, kuphatikizapo WACS ndi SAT-3, zinawonongeka kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo ntchito zambiri za pa intaneti kuno zinasokonekera. Pa 12 Meyi chaka chomwecho nthambo za EASSy ndi Seacom zinaduka kumbali ya kum'mawa, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko amene anakhudzidwa. Pa masiku ngati amenewo masamba ena amatseguka pamene ena akukana, ndipo chofunika ndi kufunsa mnzanu amene ali pa kampani ina ngati nayenso akuona zomwezo.

Sindikunena kuti kuika Windows mwatsopano kulibe nthawi yake. Makina odzala ndi mavairasi, kapena ogulidwa kwa munthu wosamudziwa ali ndi maakaunti ndi mapulogalamu ake, ayenera kufufutidwa ndithu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwaniritsa zofunika za Windows 11, choncho wogula makina akale afunse za zimenezi asanapereke ndalama. Koma ngakhale pamene kufomata kuli koyenera, mafayilo ayambe akopedwa pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera mwini wake akuona, ndipo wokonza afotokoze chimene wayesa ndi chimene wapeza. Munthu amene akupita ku shopu atadziwa kale kuti pa TV chithunzi chikuoneka, kapena kuti m'mahedifoni mawu akumveka, savuta kumvana naye mtengo, ndipo sagulitsidwa mothabodi pamene chofunika ndi kawaya.

Makina ambiri amene timagula kuno sakhalitsa kuno, amakwera basi pa Park Station kupita ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu kwa mwana wa sukulu kapena m'bale amene akuyamba bizinesi. Laputopu yotere iyesedwe isanapakidwe: masipika onse awiri, bowo la mahedifoni, maikolofoni, kamera, bowo la HDMI, Wi-Fi, ndiponso sikirini poitsegula ndi kuitseka pang'onopang'ono uku mukuyang'ana mizere. Muizimitse usiku wonse ili yozula kuti m'mawa muone ngati deti yasungika. Zodzikonzera za Windows ndi madalaiva zitsitsidwe kuno pa faiba, kuti wolandirayo asakathere bandulo ya TNM kapena Airtel pa tsiku loyamba. Pakati pa kiyibodi ndi galasi ikani kansalu kopyapyala, laputopuyo ikhale pakati pa zovala osati pansi pa katundu wolemera, ndipo waya wa tchaja wa mano obulungira muusinthiretu ndi wa mano amakonamakona wogwirizana ndi masoketi a kwathu.